Kodi Wolozera Njira Amalipidwa ndi Yani?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Mwambiwu udakali woona mpaka lero, koma kofunsa ndiko kwasintha. Kale munthu wofuna kudziŵa mtengo wa feteleza, mankhwala a chifuwa cha mwana, kapena sukulu yophunzitsa unamwino, ankapita kwa mnansi, kwa mlangizi kapena kwa aphunzitsi a m'mudzimo. Masiku ano anthu ochuluka amangotulutsa foni m'thumba nkulembamo funso lao, ndipo mayankho amafika asanaphethire. Chimene chimaŵayankha ndi makina ofufuzira nkhani pa intaneti, ndipo otchuka kupambana onse ndi a kampani ya ku America yotchedwa Google.

Wofunsayo salipira kanthu kwa eni makinawo. Ndalama zimene amaononga ndi za bandulo, ndipo zimapita ku kampani ya mafoni. Komabe m'chaka cha 2024 kampani ya Alphabet, imene ndiyo mwini wa Google, idapeza madola 198 biliyoni kuchokera ku malonda otsatsidwa pa makina ake ofufuzira ndi pa ntchito zina zoyendera limodzi ndi makinawo. Apa ndiye pagona nkhani ya lero. Ngati wofunsa njira salipira, nanga wolozera njirayo amalipidwa ndi yani? Ndipo kodi malipiro amenewo sangapotoze chala chimene akulozera?

Poyamba nkofunika kudziŵa m'mene makinaŵa amagwirira ntchito. Pa intaneti pali masamba osaŵerengeka, ndipo palibe munthu amene angaŵatsegule onse. Tsono kampani yofufuza imatuma makompyuta ake kuti aziyendera masambawo usana ndi usiku, kukopera mau a m'menemo, ndi kuŵasanja m'kaundula wamkulu. Munthu akalemba funso, makinawo sapita kukafuna yankho pa dziko lonse ai. Amayang'ana m'kaundula muja, nkusankha masamba oŵerengeka oti aike pamwamba. Mphamvu yonse yagona pa kusankhako, pakuti anthu ambiri amatsegula zimene zili pamwamba, ndipo ndi ochepa amene amatsika mpaka pansi kapena kupitirira ku tsamba lachiŵiri.

Zaka za m'ma 1990 makampani ofufuza adali ambiri. M'chaka cha 1994 ophunzira aŵiri a pa yunivesite ya Stanford, Jerry Yang ndi David Filo, adayambitsa Yahoo, imene poyamba idali mndandanda wa masamba wosanjidwa ndi manja a anthu. Chaka chomwecho kudabadwa Lycos, ndipo mu 1995 kudabwera Excite ndi AltaVista. Pambuyo pake kudadza Inktomi, imene inkagulitsa mayankho ake kwa makampani ena, ndi AlltheWeb ya ku Norway. Munthu akapanda kukhutira ndi uyu ankapita kwa uyo, monga amachitira wogula pa msika wa ogulitsa ambiri. Koma makampani onseŵa adali ndi vuto limodzi: makompyuta ankadya ndalama zochuluka, pamene zithunzi zotsatsa malonda zimene ankapachika pamwamba pa masamba ao sizinkakopa anthu kwenikweni.

Amene adatulukira mgodi wa ndalama ndi Bill Gross, amene mu 1998 adatsegula makina otchedwa GoTo, omwe mu 2001 adasintha dzina nkukhala Overture. Nzeru yake idali yoika mau pa okushoni. Omvera amene adagulitsapo fodya akudziŵa kuti pa okushoni belo limapita kwa wogula amene watchula mtengo wokwera. Kwa Gross zogulitsidwa sizidali mabelo, koma mau amene anthu amalemba pofunsa. Eni mahotela ankapikisana pa liwu loti hotela, ogulitsa maluŵa pa liwu loti maluŵa, ndipo wolonjeza ndalama zambiri ndiye ankakhala pamwamba. Sankalipira chifukwa chongoonekera ai, koma pokhapokha munthu atadina pa dzina lake, ndipo kudina kulikonse kudali ndi mtengo wake.

Maganizo a anthu adagaŵikana nthaŵi yomweyo. Ena ankati njirayi njachilungamo, popeza mitengo idali poyera, ndiponso wolipira ndalama zake sangadziike pa liwu losagwirizana ndi katundu wake. Ena ankati kumeneko nkusandutsa yankho kukhala katundu wogulitsa, kotero kuti choonadi chikhoza kutsalira pansi chifukwa chosoŵa ndalama. Pakati pa okayikawo padali ophunzira ena aŵiri a ku Stanford komweko, Larry Page ndi Sergey Brin, amene adakhazikitsa Google mu 1998. Makina ao ankayeza kufunika kwa tsamba poŵerenga masamba ena amene akuloza kwa ilo, monga m'mene munthu amadziŵikira kuti ngwodalirika poona kuchuluka ndi ulemu wa anthu omchitira umboni. M'zimene adalemba chaka chomwecho pofotokoza makina aowo, aŵiriŵa adachenjeza kuti makina ofufuzira odalira ndalama za otsatsa malonda adzapendekera kwa otsatsawo, nkusiya zofuna za anthu ofunsa.

Chenjezo lidali labwino, koma sipadapite zaka zambiri eni ake asanaloŵe m'malonda omwewo. Mu 2000 Google idatsegula ntchito yotsatsa malonda yotchedwa AdWords, ndipo mu 2002 idatengera njira ya okushoni ndi ya kulipira pa kudina. Komabe idasiyana ndi GoTo pa zinthu ziŵiri zofunika. Choyamba, malonda olipiridwa idaŵapatula ku mayankho enieni, amene sankagulitsidwa. Chachiŵiri, malo a wotsatsa sankadalira mtengo wokha, komanso kuchuluka kwa anthu amene ankadina pa malonda ake. Choncho wolipira zambiri koma wotsatsa zosathandiza ankatsika. Overture idasumira Google mu 2002 kuti yatenga luso lake lotetezedwa ndi lamulo, ndipo mlanduwo udatha mu 2004 mwa kumvana kwa mbali ziŵirizo. Mu 2002 momwemo bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission, lidalembera makampani ofufuza kuŵalangiza kuti pa zolipiridwa aziika chizindikiro chooneka bwino.

Nanga nchifukwa ninji malonda otere ali ndi mtengo waukulu chonchi? Malonda a pa wailesi kapena a m'nyuzipepala amalankhula kwa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Wogulitsa malata akalengeza pa wailesi amamvedwa ndi anthu zikwizikwi amene sakumanga nyumba. Koma munthu amene walemba funso la mtengo wa malata waulula yekha kuti ali ndi chosoŵa, mwinanso ndalama zili kale m'thumba. Ameneyo ndiye amene otsatsa amalimbirana pa okushoni ija, ndipo okushoniyo imayendetsedwa ndi makompyuta m'kanthaŵi kochepa kuposa kuphethira, nthaŵi iliyonse funso lokhudza malonda likalembedwa.

Makampani ataona kumene kuli ndalama adayamba kumezana, ndipo chaka cha 2003 ndicho chidali cha phwando. Overture idagula AltaVista ndi AlltheWeb. Yahoo, imene kuyambira mu 2000 inkabwereka mayankho kwa Google, idagula Inktomi pa mtengo wa madola 235 miliyoni, kenaka nkugulanso Overture yomweyo pa madola oposa 1.6 biliyoni. Mu 2004 idaleka kugwiritsa ntchito makina a Google nkuyamba kudalira ake. Okondwera ndi kuphatikizanaku ankati mutu umodzi susenza denga: timakampani ting'onoting'ono sitikadatha kulimbana ndi Google kalikonse pakokha, koma titaphatikiza mphamvu tikadatha. Otsutsa ankati ofunsa angotsala ndi maina ambiri pa zikwangwani pamene kumbuyo kuli sitolo imodzi, pakuti wofunsa ku AltaVista ndi wofunsa ku Yahoo tsopano ankalandira mayankho ochokera m'kaundula mmodzi.

Google nayo siidakhale chete, koma kagulidwe kake kadali kosiyana. M'malo mogula ofufuza anzake, inkagula njira zimene anthu amadzera. Mu 2005 idagula Android, kampani yaing'ono imene pulogalamu yake lero imayendetsa mafoni ambiri pa dziko lapansi. Mu 2006 idagula YouTube pa madola 1.65 biliyoni, ndipo mu 2008 idatsiriza kugula DoubleClick, kampani yoika malonda pa masamba a anthu ena, pa madola 3.1 biliyoni. Akuluakulu oyang'anira mpikisano ku America ndi ku Ulaya adaunika malonda a DoubleClick amenewo, ndipo adaŵaloleza.

Kampani ina yamphamvu imene inkafuna gawo pa msikawu idali Microsoft. Mu Febuluwale 2008 idapempha kugula Yahoo pa madola 44.6 biliyoni, koma akuluakulu a Yahoo adakana, nati mtengowo wachepa. Yahoo idayesa kugwirizana ndi Google pa zotsatsa malonda, koma mgwirizanowo udafera m'mazira mu Novembala chaka chomwecho, boma la America litanena kuti liŵatengera ku bwalo la milandu. Mu 2009 Microsoft idatsegula makina ake a Bing, ndipo Yahoo idavomera kuti mayankho ake azichokera kumeneko. Motero kampani imene idameza ofufuza atatu idaleka kufufuza payokha. AltaVista idatsekedwa mu 2013, ndipo mu 2017 ntchito zikuluzikulu za Yahoo zidagulidwa ndi Verizon pa madola pafupifupi 4.5 biliyoni, ndiye kuti ngati gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo umene idakana uja.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti kuphatikiza makampani ofooka sikudabale wopikisana wamphamvu. Chifukwa chake chagona m'chikhalidwe cha ntchitoyi. Makina amene amalandira mafunso ambiri amaphunzira zambiri: amaona zimene anthu adina, zimene asiya, ndi m'mene amalakwitsira polemba mau. Akaphunzira amayankha bwino. Akayankha bwino anthu amachuluka. Anthu akachuluka otsatsa malonda amabwera ndi ndalama. Ndipo ndalamazo zimagula makompyuta, akatswiri, ndi chinthu china chimene chidadzafikitsa Google pa bwalo la milandu, ndicho malo a pakhomo.

Malo a pakhomo ndi aŵa. Munthu akagula foni yatsopano amapezamo makina ofufuzira oikidwiratu. Akhoza kuŵasintha, koma ndi ochepa amene amavutika nazo. Mu Okutobala 2020 boma la America lidasumira Google kuti inkalipira opanga mafoni ndi eni mapulogalamu otsegulira intaneti kuti makina ake akhale oikidwiratuwo, ndi kuti potero inkatsekera anzake njira. Pa bwalo padamveka kuti mu 2021 mokha idalipira madola 26.3 biliyoni pa mapangano otere, ndipo mu 2022 kampani ya Apple yokha idalandira madola 20 biliyoni. Google idadziteteza ponena kuti anthu amaikonda chifukwa cha ubwino wa ntchito yake, ndi kuti wofuna kuchoka palibe womgwira dzanja. Woweruza Amit Mehta wa ku Washington adavomereza kuti makina a Google ndiwo abwino kuposa ena, komabe pa 5 Ogasiti 2024 adagamula kuti kampaniyo idaphangira msika, ndipo idaswa lamulo pofuna kusunga mpando wake. Pa mafunso 100 aliwonse a ku America pafupifupi 90 ankapita ku Google, ndipo pa mafoni ankafika pafupifupi 95. Adapezanso kuti kampaniyo inkatha kukweza mitengo ya zotsatsa popanda kuopa kuti otsatsa athaŵira kwina. Google idalengeza kuti ichita apilo, koma funso lapafupi lidatsala m'mitima mwa anthu: ngati ofunsa amabwera okha, ndalama zonsezo nzolipiriranji?

Chigamulo cha zoyenera kukonza chidatuluka mu Sepitembala 2025, ndipo chidagaŵanitsanso maganizo. Boma lidapempha kuti Google ikakamizidwe kugulitsa Chrome, pulogalamu yake yotsegulira intaneti, koma woweruza adakana. Adaletsa mapangano otsekera ena kunja, nalamula kuti kampaniyo igaŵireko opikisana nayo zina za m'kaundula wake ndi zimene imaphunzira pa mafunso a anthu, koma kulipira opanga mafoni sadakuletse. Ena adati chilangocho nchopepuka kwambiri poyerekeza ndi kukula kwa mlandu. Ena adati woweruza adachita mwanzeru, popeza makina atsopano oyankha mafunso ngati munthu, monga ChatGPT amene adatuluka mu Novembala 2022, ayamba kukopa ofunsa. Ku Ulaya nako, mu 2017 bungwe la European Commission lidalipiritsa Google chindapusa cha mayuro 2.42 biliyoni chifukwa choika ntchito yake yofananitsa mitengo ya katundu pamwamba pa za anzake, ndipo bwalo lalikulu la kumeneko lidatsimikiza chigamulocho mu 2024.

Wina akhoza kunena kuti imeneyi ndi nkhondo ya njovu, yosakhudza munthu wamba. Koma njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Ndalama zimene wogulitsa amalipira pa kudina sizigwa kumwamba. Amaziphatikiza pa mtengo wa katundu, ndipo wogula ndiye amazibweza. Wamalonda wamng'ono amene sangapikisane pa okushoni amakankhidwira pansi. Nthaŵi zina amakakamizika kulipira kuti aoneke pamwamba ngakhale munthu atalemba dzina lenileni la sitolo yake, chifukwa opikisana naye amatha kugula malo pa dzinalo.

Choopsa koposa ndi pamene funso likukhudza moyo. Mu 2011 Google idavomera kupereka madola 500 miliyoni ku boma la America chifukwa cholola ogulitsa mankhwala a ku Canada kutsatsa kwa anthu a ku America mosemphana ndi lamulo. Ku China, kumene makina otchuka ndi a Baidu, mnyamata wina wa zaka 21, wophunzira pa yunivesite, adamwalira mu 2016 ndi matenda a khansa, atalandira chithandizo chosatsimikizika pa chipatala chimene adachipeza pakati pa mayankho olipiridwa a pamwamba. Banja lake lidaononga ndalama zambiri, zina zobwereka. Ndiye paja adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu atakwiya, boma lidalamula Baidu kuti ileke kusanja mayankho potsata ndalama zokha, iike chizindikiro pa zolipiridwa, ndiponso zolipiridwazo zisapitirire magawo 30 pa 100 a tsamba. Nkhaniyi ikuphunzitsa kuti vuto silili pa dziko limene kampani ichokera. Baidu njakwao komweko, koma idatsala yopanda mnzake wolingana nayo mphamvu kuyambira pamene Google idachotsa makina ake ku China mu 2010.

Zonsezi zidachitikira kutali, koma zotsatira zake zimafika m'foni ya mlimi wa ku Chitipa ndi ya mai wochita geni ku Nsanje, pakuti mafoni ambiri otsegula intaneti m'Malaŵi amayendera Android, ndipo amabwera ndi Google yoikidwiratu. Maiko a mu Africa nawo ayamba kupenyetsetsa. Mu 2023 bungwe la ku South Africa loyang'anira mpikisano pa malonda lidapeza kuti kasanjidwe ka Google kamakomera makampani akuluakulu olipira zambiri, ndipo lidalamula njira zothandizira amalonda ang'onoang'ono a m'dzikomo kuti azioneka. Bungwe la COMESA loona za mpikisano, limene limaunika kuphatikizana kwa makampani ogwira ntchito m'maiko angapo a m'chigawo chino, lili ndi likulu lake ku Lilongwe. Dziko limodzi laling'ono silingaopseze kampani yolemera chonchi, koma maiko akalankhula pamodzi mau ao amalemera.

Tsono maganizo onseŵa akaikidwa pa sikelo, chooneka nchakuti kutsatsa malonda pakokha si tchimo. Popanda iko ofunsa akadamalipira funso lililonse, ndipo osauka akadatsekeredwa kunja. Wailesi nayo imaulutsa malonda, koma womvera amadziŵa pamene nkhani zathera ndi pamene malonda ayambira. Choipa chimabadwa zikakumana zinthu ziŵiri: malire a yankho ndi malonda akafafanizika, ndiponso wofunsa akasoŵa kwina kofunsa. Wolozera njira amene ali ndi opikisana naye amaopa kusokeretsa mlendo, pakuti maŵa mlendoyo adzafunsa wina. Koma akatsala yekha pa mphambano, chomletsa ndi chikumbumtima chake chokha, ndipo chikumbumtima chogona pafupi ndi mabiliyoni a madola nchovuta kuchidalira. Nchifukwa chake maboma ayenera kuunika mosamala, nthaŵi isanathe, pamene kampani yaikulu ifuna kumeza inzake kapena kugula malo a pakhomo, pakuti mlandu wa ku America udazengedwa msika utagwera kale m'dzanja limodzi.

Wofunsa naye ali ndi mbali yake. Pa mayankho ena a pamwamba pamakhala mau a Chingerezi akuti Sponsored kapena Ad, ndipo tanthauzo lake nlakuti mwini wake walipira kuti akhale pamenepo. Wanzeru amaŵerenga mau amenewo, natsika pansi kukaona mayankho osalipiridwa, ndipo nkhani ikakhala yaikulu amafunsanso ku makina ena monga Bing, kuti afananitse. Pa za matenda, ngongole, ntchito za kunja ndi sukulu, chimene foni yanena chiyenera kukatsimikizidwa kwa dokotala, kwa mlangizi kapena ku ofesi yoyenera. Makina atsopano oyankha ngati munthu nawonso amadya ndalama zambiri, ndipo eni ake adzafuna kuzibweza. Choncho funso lomwe lija liyenera kuŵatsata iwonso. Safunsa adadyadi phula, koma wofunsa wa masiku ano ayenera kufunsa kaŵiri: poyamba afunse njira, kenaka afunse amene walipira womlozerayo.